Wakuba Ng'ombe za Dongo

Ndinene poyera musanamve kwa ena: ng'ombe zija ndinkaba ndine. Ana a ng'ombe amene ankapezeka m'makola m'mawa uliwonse ndinkaumba ndine. Yunifolomu ya amayi inafiira chifukwa cha ine. Holide ija itabwereranso ndingachitenso zomwezo, kungoti ndingayambe ndapisa m'matumba ndisanaponye thalauza m'beseni. Dzina langa ndine Yamikani, ndili Fomu 3, ndipo ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndisanamere ndevu. Ena amati ndinachotsedwa, koma amenewo ndi anthu a nsanje. Ndikulembera ana anga amene sanabadwe, chifukwa ndikudziwa kuti azakhali awo a Chisomo adzawauza nkhaniyi mondiipitsa.

Julaye, Mzimba Boma

Ntchito yoyamba sindinafunsire, inachita kundipeza ndikudya mbatata pakhonde. Amayi ndi namwino. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma boma linawatumiza ku Mzimba ine ndili wamng'ono, moti mlongo wanga Chisomo anabadwira komweko. Chaka chino anawasamutsanso, kuti akagwire pa chipatala chaching'ono kumwera, kupitirira Embangweni. Atapita kukapezera Chisomo malo pa sukulu ya kumeneko, a hedi anawauza kuti ana obwera amawayesa kaye pakamwa holide isanathe. Wotha kuphatikiza ndi kuchotsera amalowa Sitandade 2, wokanika amabwerera Sitandade 1. Amayi anabwera nkhope ili gwaa, nandiloza ndi ambulera.

"Iwe wa Fomu 3, masamu ako onse aja ndi a ntchito yanji ngati mlongo wako akabwereze kalasi? Kuyambira mawa ndiwe mphunzitsi wake."

Ofesi yanga inali khonde lomwelo, bolodi linali chitseko cha bafa, choko anali makala. Kuphatikiza Chisomo ankayesako, zala za m'manja zikatha ankavula masilipasi n'kupitiriza za kumapazi. Vuto linali kuchotsera. Sikuti mutu wake sunkagwira ayi, koma mwana ameneyu ndi woumira kuyambira kubadwa. Ndikamuuza kuti uli ndi zitumbuwa zisanu, wapatsa mnzako ziwiri, watsala ndi zingati, ankandiyang'ana ngati ndamutukwana.

"Zisanu."

"Wapatsa mnzako ziwiri, Chisomo!"

"Mnzanga wake uti? Sindinamupatse. Akagule zake."

Ndinayesa kukuwa, ndinayesa lula, ndinayesa kumulonjeza kuti ndimubereka mpaka kumsika. Tinakweza katundu pa lole tikadali pa zitumbuwa zisanu. Komabe ndinali ndi chikhulupiriro kuti tsiku limene adzakhoze, amayi adzauza anzawo onse a kuchipatala kuti ndi ntchito ya manja a Yamikani. Chimene ndinkafuna ndi chimenecho basi.

Ogasiti, kumayambiriro

Kumalo atsopano ndinapeza bwana wachiwiri, a Nyirenda, mphunzitsi wopuma komanso mkulu wa mpingo, munthu wamtali woyenda ndi njinga yolira ngati nkhanga. Iwo anali atatsegula kalasi ya holide ya ana aang'ono m'chipinda cha Sande sukulu, ndipo amayi anandipereka kumeneko pamodzi ndi Chisomo ngati mbuzi ndi chingwe chake. A Nyirenda anandiyang'ana kuchokera ku nsapato mpaka ku tsitsi, nandipatsa kiyi womangidwa pa kansalu.

"Iwe ndiwe wa kiyi. Kutsegula, kusesa, kuphunzitsa, kutseka. Mbwenu. Vinthu va tchalitchi osaseweretsa."

M'chipindamo ndinapezamo kale mphunzitsi wina, Tiwonge Jere, mtsikana wa komweko, nayenso wa Fomu 3 pa sukulu yoyendera. Anatigawira ana pakati, theka kwa iye, theka kwa ine, Chisomo ali mbali yanga. Zipangizo kunalibe. Choko chinali chimodzi, tinachithyola pakati, ndipo ine ndinatenga chachitali. Zitsekerero za mabotolo zimene ndinabwera nazo kuchokera ku Boma zowerengera, anyamata anazitha tsiku lomwelo, zinakakhala matayala a magalimoto a mawaya. Ine sindinade nkhawa. Ndinali ndi bolodi lenileni, mawu aakulu ndi Chichewa chosasakaniza, ndipo ndinkalemba manambala okongola kuposa a m'buku.

Tiwonge sanakhudze n'komwe choko chake. Anatenga ndowa ya madzi, natsogolera ana ake kuchulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo anabwerako ali matope mpaka m'zigongono, mwana aliyense atanyamula ng'ombe zisanu za dongo lofiira. M'mbali mwa khoma anamanga timakola ta timitengo, aliyense lake. Kenaka ndinangomva akuyamba, Chichewa pang'ono Chitumbuka pang'ono: "Gomezgani, ng'ombe zako zitatu zili m'khola, adada agula ziwiri, sono zilipo zilinga?" Ana a kuno ng'ombe amazidziwa asanadziwe nsapato. Gomezgani, kamnyamata ka mano awiri otuluka, anakankhira ziwiri m'khola akulira ngati ng'ombe, nakuwa kuti faifi, gulu lonse m'manja.

Mbali yanga ana anayamba kudwala chikhodzodzo. Aliyense ankakweza dzanja kupempha kukataya madzi, ndipo pobwera ankasochera n'kukapezeka pa makola. Womaliza anali mlongo wanga weniweni, wa bere limodzi.

"Achimwene, ndikakodze."

"Wakodza posachedwapa."

"Abweranso ena."

Sanatuluke n'komwe panja pochitira ulemu. Anangodutsa pakati pa chipinda, nakakhala pafupi ndi Tiwonge mpaka mapewa kugundana. Ine ndinatsala ndi mabenchi ndi samu yanga yokongola pa bolodi. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi mayina. Tiwonge ana ankamuitana kuti aMadamu. Ine ankandiitana kuti achimwene a Chisomo. Munthu wa kiyi, wodziwa masamu a zilembo, kutchulidwa ndi dzina la mwana wowerengera zala za kumapazi! Kunyumba nako kunalibe mpumulo, Chisomo sankatseka pakamwa. AMadamu anati tisambe m'manja, aMadamu amaumba nkhunzi ya linunda, aMadamu amaluka okha tsitsi. Amayi nawo, m'malo mondilimbitsa mtima, ankangoti, "Mwana wa a Jere uja analeredwa bwino." Ine ndinaleredwa ndi yani?

Tsiku lina tikutuluka ndinamuimitsa pakhomo.

"Kodi aNyaJere, mukuphunzitsa masamu kapena ubusa?"

"Ine ubusa, yewo," anatero akupukuta manja pa chitenje. "Nanga iwe mabenchi ako akukhoza bwanji? Lija la kumbuyo likuoneka lanzeru chomene."

Chinthu chimodzi chokha chinkanditonthoza: kuchotsera kwa Chisomo kunamukanika nayenso. Ana ena ankavomera kuti ng'ombe zigulitsidwe kapena zipite ku malowolo, koma osati iye. Ndinamva ndi makutu anga Tiwonge akumunyengerera kuti, "Chisomo, ng'ombe zako zisanu, ziwiri zapita kukalowolera achimwene ako mkazi. Zatsala zingati?" Chisomo anaphimba khola ndi manja onse awiri. "Zisanu. Achimwene asakwatire." Tsiku limenelo ndinasesa chipinda ndikuimba.

Ogasiti, pakati

A Nyirenda ankabwera kudzaona ntchito m'mawa, ndipo ankakonda kuloza khola lililonse ndi ndodo n'kufunsa mwini wake kuti muli zingati. Ana ankayankha osayang'ana, poti aliyense ankadziwa kuti zake ndi zisanu. Nzeru inandibwerera pomwepo. Masana onse atapita ndinatseka chitseko ndili m'kati, ndi dongo langa m'jumbo, ndipo ndinaumba tiana ta ng'ombe. Ndinaika kamodzi umu, tiwiri umo, titatu mwa Gomezgani. Cholinga chinali chakuti bwana akafunsa, ana onse a aMadamu alakwe pamaso pawo, ine ndili pambali ndikupukusa mutu mwachisoni.

M'mawa nditatsegula, phokoso lake anamva ndi a pachigayo. "Zabala! Ng'ombe zabala!" Gomezgani ankadumpha akulumbira kuti nkhunzi yake yabala atatu. Tiwonge anaima pakhomo, nayang'ana makola, kenaka nayang'ana ine nthawi yaitali, makamaka zikhadabo zanga. Ndinapisa manja m'matumba. Iye anangowomba m'manja.

"Khalani pansi mose! Ng'ombe zabala, tiwerenge. Gome, dzulo zinali zingati? Zabadwa zingati? Sono zonse pamodzi?"

Njinga ya a Nyirenda inalira panja ana ali pakati pophatikiza ngati amisala, wina kuthandiza mnzake, wina kutsutsa kuti kamwana aka ndi ka khola lake kanangolowa kwa eni. Bwana anaima ndi ndodo yawo, kukamwa kuli yasa. "Mwana wa a Jere, nzeru izi wazitenga nkhu? Kuwaumbira tiana kuti adzidzimuke! Mnyamata, ukuona vimene akuchita mnzako?" Ndinadikira kuti Tiwonge akane. Anangoweramitsa mutu mwaulemu n'kunena kuti, "Yewo, adada." Thukuta langa, dongo langa, msana wanga, yewo n'kupita kwa iye. Masana amenewo chakudya sichinandilowe.

Ndinati chabwino, poti wavomera kuti ndiye mzamba wa ng'ombe, tione ngati avomerenso kuti ndiye wakuba. Ndinayamba kuba. Khola ili imodzi, ilo zitatu, ndipo ndinkazibisa m'ng'oma yong'ambika imene inali pakona. M'mawa wake kunali maliro. Ana a kuno kubedwa kwa ng'ombe sakutenga ngati masewera, anamvapo makolo awo akulira nazo. Kamtsikana kena kanafuna kukaitana agogo ake aamuna kuti abwere ndi chibonga. Ndinakhala pa benchi langa lanzeru lija ndikudikira kuti kalasi ya aMadamu ithe lero.

Iye anakoka mpando, nakhala ngati wapolisi wa pa kauntala, nauza ana kuti afole mzere kudzadandaula mmodzimmodzi. "Dzina? Zinali zingati? Pita ukawerenge zatsala zingati. Ndiye wakuba watenga zingati? Ukalakwitsa, apolisi sangakuthandize." Ana amene dzulo ankachotsera mokakamizidwa, lero ankachotsera mano ali gwa, misozi ili m'masaya, ndipo sankalakwitsa ngakhale imodzi. Ndinayesa kuwasokoneza. Tsiku lotsatira ndinabweza zina n'kubanso zina m'khola lomwelo, kuti asadziwe poyambira. Zinangowonjezera moto: ziwiri zabwerera, imodzi yapita, aliyense akuphatikiza n'kuchotsera mu mpweya umodzi. Ana anayamba kufika ine ndisanatsegule, ena ochokera midzi ya njira ya ku Edingeni amene sanalembetse n'komwe, onse kudzaona zimene wakuba wachita.

Masana ena Tiwonge anabwerera pakhomo ngati waiwala kanthu, nalankhula akuyang'ana denga.

"Ukakumana naye wakuba uja, ndapota, umuuze kuti kwa ana aang'ono a kutsogolowa asamabe zoposa ziwiri. Sanafike pamenepo. Kwa Gome angathe kuba ngakhale zinayi."

Anatuluka akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Ndiye kuti ine, mdani wake, ndinali nditasanduka wantchito wake, ndipo ankandipatsanso malangizo a kagwiridwe ka ntchito.

Ogasiti, kumapeto

Pa ntchito iliyonse pamabwera tsiku la chiganizo chovuta, ndipo langa linabwera ndi Gomezgani. M'khola la Chisomo ndinali ndisanabemo. Ndinamuikiramo kamwana kamodzi tsiku loyamba lija, zinakhala sikisi, ndipo anangokhala nazo ngati mwini sitolo, akuonerera anzake akulira. Kamnyamata kaja kanayamba kulankhula mokweza kuti, "Bwanji za Chisomo sizibedwa? Wakubayu ngwa pa nyumba pawo." Ndikasiya khola lake, ndagwidwa. Ndikaba, ndaliza mlongo wanga. Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinaganizira za mayeso ake amene anali atayandikira, koma ana anga, bambo wanu sanama pa zinthu zazing'ono. Ndinaganizira khungu langa.

M'kholamo munali ng'ombe imene ankaikonda kuposa ine. Anaitcha Shuga. Nyanga zake zinali minga ya mthethe, maso ake inali mikanda iwiri yobiriwira imene anathothola pa chibangili chake. Lachinayi masana ndinagwada pamenepo kanthawi, dzanja likupita likubwerera, mpaka ndinanyamula Shuga ndi kamwana kake. Ndisanafike pa ng'oma ndinamva njinga ya bwana, ndiye ndinangoziponya m'thumba la thalauza n'kugwira tsache.

Lachisanu ndinavala thalauza lomwelo. Chisomo atafika pa khola lake sanalire msanga. Anayang'ana, nayang'ananso, kenaka anatulutsa mfuu umene unaulutsa njiwa padenga. Tiwonge anagwada pambali pake, koma asanafunse n'komwe mafunso ake a upolisi, mwana anayamba yekha, mamina ali chuchuchu.

"Zinali sikisi! Zatsala folo! Watenga ziwiri, Shuga ndi mwana wake! Abweze ziwirizo zikhalenso sikisi!"

Osagwira chala ngakhale chimodzi, masilipasi ali kumapazi. Ine ndinaimirira, manja nditatambasula kale, nyanga ya Shuga ikundibaya pa ntchafu. Ndinati mlongo wanga wachotsera, ndipo wamuchotsetsa ndine. Iye anandidutsa ngati mtengo, nakadziponya pa chifuwa cha aMadamu, ndipo aMadamu anamunyamula n'kumuzungulitsa akumuuza kuti wakhoza, wakhoza. Manja anga ndinachita ngati ndimafuna kudziwongola.

Loweruka amayi ananyika yunifolomu yawo yoyera m'beseni la sopo, napita kukaona wodwala wina pafupi. Lamulo la pakhomo pathu ndi lakuti zovala zanga ndimachapa ndekha, koma ndinatulukira kalekale kuti ukalowetsa thalauza pansi pa zovala zawo, nthawi zina limachapidwa mwangozi. Ndinalikankhira pansi n'kupita ku mpira. Pobwera ndinapeza anthu atazungulira beseni ngati pachitika ngozi ya galimoto. Madzi anali ofiira ngati a mumsewu nthawi ya dzinja. Amayi ananyamula yunifolomu ndi zala ziwiri, yofiira kuyambira kolala mpaka m'munsi, ndipo Chisomo anali atapisa dzanja m'matope a pansi pa beseni. Anatulutsa minga iwiri ndi mikanda iwiri yobiriwira.

"Maso a Shuga," anatero motsitsa. Kenaka anatembenuka. "Achimwene, mwapha Shuga."

"Yamikani," anatero amayi, ndi mawu ofatsa aja amene amaopsa kuposa kukuwa, "Lolemba ndikavale chiyani ku ntchito? Ndikawauze odwala kuti namwino wawo amagona m'chulu?"

Ndinayesa kufotokoza kuti imeneyi ndi njira yatsopano yophunzitsira, koma nditaona ambulera ikuyandikira ndinaona kuti mfundoyi ndidzaimaliza tsiku lina. Loweruka lonselo ndi Lamulungu masana ndinachapa yunifolomu mpaka zala kuchita makwinya. Inayera ndithu, kungoti dzuwa likaiwomba imaoneka ngati ikuchita manyazi.

Lolemba lomaliza

M'mawa amayi anatenga Chisomo kupita naye kwa a hedi, ine ndikutsatira kumbuyo ngati mboni yosaitanidwa, ndipo ndinaima pa zenera. A hedi anamufunsa zophatikiza, anakhoza. Kenaka anati, "Uli ndi mabuku asanu ndi awiri, wapatsa mnzako atatu." Chisomo anakwinya nkhope.

"Ndamupatsa kapena waba?"

A hedi anayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi. "Chabwino, waba."

"Atsala folo. Koma abweze."

A hedi anaseka mpaka kuvula magalasi, nati mwanayu alowe Sitandade 2. Atamufunsa amene anamuphunzitsa masamu, anayankha mosaganiza n'komwe: "Kuphatikiza aMadamu. Kuchotsera wakuba." Ine pa zenera ndinawerama pang'ono kulandira ulemu wanga. Dzina silinatchulidwe, koma pa ntchito za boma zimatero.

Mlandu wanga unakambidwa tsiku lomwelo m'chipinda cha Sande sukulu, ana onse ali pa mabenchi. A Nyirenda anayamba ndi kundilanda kiyi, ndipo kupuma kwanga pa ntchito kunayambira pamenepo. Ng'oma yong'ambika inakhuthulidwa, koma ng'ombe zambiri zinatuluka zopanda miyendo, zina zopanda mitu. Bwana anati mlandu wa ng'ombe kuno suweruzidwa ndi pepani. Wakuba amabweza zimene anaba, n'kuwonjezera imodzi ya chindapusa kwa mwini khola aliyense. "Ndipo mwana aliyense anene yekha zimene ukamuumbire. Akalakwitsa samu, mbwenu wataya." Palibe analakwitsa. Gomezgani anayesa kuwonjezera ziwiri zabodza, anzake anamukuwiza. Chisomo anaimirira pomaliza, nati ziwiri ndi imodzi ya chindapusa ndi zitatu, ndipo Shuga watsopano akhale ndi linunda lalikulu kuposa la nkhunzi ya aMadamu.

Ananditumiza kuchulu ndi ndowa, dzuwa lili pamutu, kuti ndichite manyazi. Ndinakhala pansi n'kuyamba kukanda dongo. Posakhalitsa Gomezgani anatulukira kudzaonetsetsa kuti zake zikhale nkhunzi zokhazokha. Kenaka kamtsikana ka chibonga kaja. Kenaka onse, kundizungulira, kukankhana, uyu akufuna nyanga zopindika, uyo akuwerenga mokweza zimene zatha ndi zimene zatsala, wina akundipatsira madzi. Chisomo anakhala mondigunda phewa, mikanda yobiriwira ili m'manja, akuuza anzake kuti asandipanikize chifukwa achimwene akewa amaumba bwino akapatsidwa mpata. Mwana wina wa njira ya ku Edingeni, amene sankadziwa mbiri yanga, anandikoka malaya n'kunditchula kuti aphunzitsi.

Nditatopa ndinaimirira kuti ndiwongole msana, ndipo ndinasuzumira pa zenera la chipinda. Tiwonge anali yekhayekha m'katimo, kiyi wanga ali m'khosi, theka lake la choko lili m'manja. Ndinapukuta dongo pa chipumi, ndinakhosomola mwaulemu.

"AMadamu, mabenchiwo akukhoza bwanji?"

Anandigenda ndi choko, koma chinaphonya.